Golide Akakana Kumata, Akada Kapena Akasupuka pa Mipando ndi Ziwiya

Kaya ndi kalipentala wa ku Kalingalinga mu Lusaka amene akukongoletsa mutu wa bedi, wosema wa ku Kabwata, kapena mayi amene amabwereketsa mipando ndi mafelemu pa kitchen party, madandaulo amakhala omwewo: golide wa timapepala wakana kugwira, wagwira koma sakuwala, kapena anawala tsiku lopereka katundu koma mwezi usanathe wada. Ambiri amathamangira kuloza chala wogulitsa. Nthawi zina mlandu umakhaladi wake, koma kawirikawiri vuto lili pa guluu ndi pa thabwa. Kapepala ka golide weniweni n'kopyapyala kwambiri moti pangafunike timapepala pafupifupi 10,000 kuti tikwane milimita imodzi. Chinthu chotere sichibisa kanthu. Chilichonse chimene chili pansi pake chimaonekera pamwamba.

## Yambani mwadziwa zimene mwagula

Musanafufuze vuto lililonse, tsimikizani zinthu ziwiri.

Mtundu wa golide. Weniweni amabwera m'kabuku ka timapepala 25, kalikonse pafupifupi masentimita 8 mbali zonse, ndipo pachikuto amalembapo makarati, muyeso wa kuchuluka kwa golide m'kapepalako, monga 22, 23 kapena 24. Mukamugwira ndi zala amangosungunukira pakhungu. Woyerekeza, amene amalembedwa kuti imitation leaf kapena Dutch metal, alibe golide ngakhale pang'ono. Ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki, timapepala take ndi tatikulu, masentimita 14 kapena 16, ndipo mutha kukanyamula ndi zala osang'ambika. Sikuti ndi woipa. Pa katundu wa m'nyumba amagwira ntchito bwino, bola mudziwe kuti amada akapanda kutetezedwa.

Mtundu wa guluu. Guluu wa golide m'zitini amalembedwa kuti size, ndipo alipo wamitundu iwiri. Wamadzi amaoneka ngati mkaka, amasanduka woonekera pakapita mphindi 15 mpaka 30, ndipo amakhala akunanda kwa maola ambiri. Wamafuta amalembedwa maola, monga 3 kapena 12, kusonyeza nthawi yodikira musanaike golide. Guluu woyera wolumikizira matabwa sali m'gulu limeneli. Iye akauma amauma gwa, sasiya kunanda kumene golide amafuna.

## Golide sakumata, kapena akusiya mipata

Ili ndiye vuto lofala kuposa onse. Mumaika kapepala, mukasesa ndi burashi theka lake n'kuchoka.

1. Thabwa lamwa guluu. Paini, m'mphepete modulidwa mwa MDF (bolodi la utuchi wopanikizidwa), kumapeto kwa thabwa kumene macheka anadutsa, pulasitala ndi miphika yadothi zimamwa guluu ngati mchenga wa m'chilimwe. Pendeketsani chinthucho pakuwala kwa pawindo: pamene guluu wakhala pamwamba pamanyezimira, pamene wamwedwa pamaoneka pouma. Mankhwala ake ndi kutseka thabwa musanapake guluu. Sungunulani magalamu 200 mpaka 250 a shelaki (utomoni wouma wotsekera matabwa) mu lita imodzi ya spiriti, pakani kawiri mopyapyala, kudikira ola limodzi pakati, kenako kwechani pang'ono ndi sandipepa wa 400. M'mphepete mwa MDF pakani katatu. Penti wamafuta wouma bwino amatsekanso.
2. Guluu wauma mopitirira. Maola olembedwa pachitini anayesedwa kumalo ozizirirapo kuposa kuno. M'mwezi wa Okutobala, pansi pa malata, guluu wa maola 3 akhoza kufika pake nthawiyo isanakwane n'kupitirira inu muli ku nsima. Gundani ndi kumbuyo kwa chala, pamfundo. Ngati sichikukoka ngakhale pang'ono, nthawi yadutsa. Pakaninso guluu wina mopyapyala pamwamba pomwepo, palibe chifukwa chopala.
3. Pali malo amene burashi inadumpha. Guluu wamafuta saoneka bwino pa thabwa lapakidwa shelaki. Dontheserani penti wamafuta wachikasu pang'ono chabe m'guluuyo kuti muziona pamene mwadutsa. Yambirani m'makona ndi m'mizere yosemedwa, malo osalala pambuyo.
4. Pathabwa pali polishi kapena mafuta. Ziboliboli zambiri za mukwa zimawalitsidwa ndi polishi wa nsapato kapena wa pansi, ndipo mipando yakale yakhala ikupoperedwa polishi kwa zaka. Chizindikiro chake n'chakuti guluu amathawa, n'kuunjikana timadontho ngati madzi patsamba la koko. Pukutani ndi tapentaini, kusintha kansalu kangapo kuti musamangozunguza mafuta omwewo, kwechani, kenako shelaki.
5. Fumbi lagwera pa guluu. Mphepo ya mu Ogasiti imalowetsa fumbi ngakhale zitseko zili zotseka, ndipo m'shopu ya kalipentala utuchi sutha m'mwamba. Mukapaka guluu, vindikirani chinthucho ndi katoni yoyera yosakhudza pamwamba pake. Wazani madzi pansi, ndipo pasakhale wocheka kapena wokwecha m'chipindamo tsiku limenelo.
6. Simunatsindike mokwanira. Izi zimachitika ndi golide womatidwa pa kapepala koyera kopyapyala. Sisitani kumbuyo kwa kapepalako ndi chala kapena thonje musanakachotse.

Kutseka mipata yaing'ono sikuvuta. Ngati guluu akadali kunanda, tolani tizidutswa tomwe tagwa n'kutitsindikira pamenepo ndi burashi yofewa. Ngati wauma, dontheserani guluu ndi kaburashi kosongoka pampata pokhapo, dikirani afike pake, ikani kachidutswa. Musapake guluu mpaka kukwera pa golide wozungulira, chifukwa chigambacho chidzaonekera patali.

## Golide wagwira koma sakuwala, kapena wachita makwinya

Apa m'pamene anthu ambiri amataya ndalama, ndipo chifukwa chake ndi phuma.

1. Mwaika golide guluu akadali wonyowa. Guluu wosafika pake amadutsa m'timabowo ta kapepala n'kukwera pamwamba, golide n'kumira. Amaoneka wothimbirira ngati wapakidwa mafuta ophikira, ndipo mukakhudza chala chimasiya chidindo. Guluu wofika pake samata kuchala. Mfundo ya chala imamva kukoka pang'ono n'kuchoka youma, ndipo mukaikhulitsa pang'onopang'ono pamamveka kulira kwa tswii. Guluu akakhala wouma kwambiri koma akadali kugwira, m'pamene golide amawala kwambiri. N'chifukwa chake wa maola 12 amatulutsa ntchito yowala kuposa wa maola 3, ngakhale amatopetsa kudikira.
2. Guluu wachuluka. Pamwamba pamauma, pansi pakadali madzi, ndiye chala chimakunamizani. Zimachitika kwambiri m'maenje a maluwa osemedwa ndi m'makona a felemu, momwe guluu amatsikira n'kudikha. Pakani mopyapyala ngati mukuumira, kenako dutsaninso ndi burashi youma kukokolola wotsala m'maenjemo.
3. Nyengo yachedwetsa kuuma. M'mawa wa Juni ndi Julayi, komanso masiku amvula kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, guluu amatenga nthawi yaitali kuposa yolembedwa. Musamufulumizitse ndi mbaula kapena pomuika padzuwa. Mudzangoumitsa khungu lapamwamba.
4. Mwapukuta ndi mphamvu. Golide woikidwa pa guluu wamafuta kapena wamadzi sakhulidwa ndi mwala kapena supuni kuti awale. Kuwalitsa ndi mwala wa agate ndi kwa njira ina yoikira golide, imene pansi pake amapakapo choko ndi dongo lofiira. Pa ntchito yathuyi, burashi yofewa yopakira paudala kumaso ndi thonje loyera n'zokwanira, ndipo thonjelo lidikire mpaka mawa lake.
5. Vanishi waphimba kuwala. Vanishi aliyense amachepetsako kuwala kwa chitsulo. Golide wa makarati 23 kapena 24 pa chinthu chosagwidwagwidwa, monga felemu ya pakhoma, safuna vanishi.

Golide womira sabwerera. Ngati mwazindikira tsiku lomwelo, pukutani zonse ndi tapentaini n'kuyambiranso. Ngati padutsa masiku, siyani mlungu wathunthu kuti aume mpaka pansi, kwechani pang'ono ndi sandipepa wa 600, pakani guluu watsopano, ikani golide wina pamwamba.

Njira yopewera vutoli ndi yotsika mtengo kwambiri moti n'zomvetsa chisoni kuti ambiri saitsata. Tengani kachidutswa ka thabwa lomwelo, kakonzeni monga mwakonzera mpando, kapakeni guluu nthawi imodzimodzi, n'kulemba nthawiyo ndi pensulo m'mbali. Muziyesa chala pakachidutswako, ndipo kapepala koyamba kaikeni pamenepo. Kakawala, pitani pampando.

## Golide wada, wachita mawanga kapena wabiriwira

Aliyense amene anavalapo chibangili cha mkuwa akudziwa mmene chimadera ndi kusiya zobiriwira pamkono. Golide woyerekeza ndi mkuwa womwewo.

1. Sanatetezedwe. Woyerekeza ayenera kupakidwa chomuteteza ku mpweya, ngakhale atakhala m'kabati ya magalasi. Pakani shelaki woyera, magalamu 100 mpaka 120 pa lita ya spiriti, kapena vanishi wopopera wolembedwa kuti ndi wa zitsulo, kawiri mopyapyala. Spiriti wofiirira wa m'masitolo ali ndi utoto umene ungasinthe maonekedwe a golide, choncho yesani pakachidutswa kaye. Musaiwale m'mphepete ndi kunsi, chifukwa kuda kumayambira kumeneko.
2. Zidindo za zala. Mawanga ozungulira okhala ndi mizere ya chala ndi thukuta lomwe linatsekeredwa pansi pa vanishi. Limatuluka patapita milungu. Valani magolovesi a nsalu kuyambira potsegula kabuku mpaka vanishi atauma.
3. Vanishi wolakwika. Mavanishi ambiri amadzi amakhala ndi amoniya, amene amadetsa mkuwa. Ngati golide wasintha mtundu tsiku lomwe mwapaka vanishi, wolakwa ndi ameneyo. Mukafuna kugwiritsa ntchito vanishi wamadzi, yambani ndi shelaki kuti awalekanitse.
4. Vanishi wapakidwa msanga. Pa guluu wamafuta dikirani mlungu umodzi. Pa wamadzi tsiku limodzi kapena awiri. Pamasiku odikirawa sungani chinthucho pouma, chovindikira, kutali ndi khitchini.
5. Zotsukira. Brasso, Jik, viniga, mandimu ndi sopo wa phala wotsukira masinki zimawononga golide wa timapepala wamtundu uliwonse. Brasso amapangidwira chitsulo chochindikala, pa kapepala amangofika pathabwa kamodzi kokha. Mukamapereka katundu, uzani mwini wake pamodzi ndi amene amasesa m'nyumbamo kuti fumbi lichotsedwe ndi burashi yofewa youma basi.
6. Utsi ndi chinyezi. Utsi wa makala, bafa ndi khoma lonyowa nthawi ya dzinja zimafulumizitsa kuda.
7. Golide weniweni wa makarati ochepa. Wa 18 kapena 12 ali ndi siliva kapena mkuwa wambiri ndipo amasintha mtundu. Pa ntchito ya panja, monga nsonga za geti kapena zilembo za chikwangwani, musatsike pansi pa 23.

Ngati mukukayikira zimene anakugulitsani, matani kachidutswa pa katoni, dontheserani viniga wothira mchere, siyani usiku wonse. Woyerekeza amada kapena kubiriwira, wa makarati 23 amakhala mmene analili. Golide amene wada kale sayeretseka. Kwechani pang'ono, tsekani ndi shelaki, ikani watsopano.

## Mizere, timiyala ndi mitsempha ya thabwa zikuonekera

1. Kukwecha kosakwanira. Pitani mwa ndondomeko ya manambala a sandipepa: 120, 180, 240, kenako 320 kapena 400 pamwamba pa penti wapansi. Mukadumpha nambala, mikwingwirima ya sandipepa wokhakhala imatsala. Mukwa uli ndi timabowo tatikulu tomwe timafunika kutsekedwa ndi filla, phala lotsekera timabowo ta thabwa, apo ayi golide amaoneka ngati khungu la lalanje.
2. Mizere ya burashi ya penti kapena ya guluu. Guluu wamadzi amasiya mizere kuposa wamafuta chifukwa sayenderera kuti asalale. Gwiritsani ntchito burashi yofewa ya nayiloni ndipo musabwererenso pamene payamba kuuma.
3. Guluu wamadzi pathabwa losatseka amadzutsa ubweya wa thabwa.
4. Zinyalala za m'chitini. Sefani guluu wakale ndi kansalu ka sitokingi.
5. Molumikizana timapepala. Sanjikizani mamilimita 2 kapena 3, onse kulowera mbali imodzi, ndipo posesa tsatirani mbali yomweyo kuti burashi isakweze m'mphepete. Mizere yopyapyala ya molumikizana siisowa kotheratu, makamaka pa woyerekeza, ndipo pa malo aakulu monga pamwamba pa tebulo ndi bwino kuiyala mowongoka kuti ioneke yadala.

Penti wapansi amathandizanso. Wachikasu amabisa timipata, wofiira amachititsa golide kuoneka wakupsa bwino, woyera amaulula mpata uliwonse.

## Kapepala kakuuluka, kakung'ambika, kakumata kuzala

Tsekani mawindo, zimitsani fani, ndipo musalankhule mutayang'ana kabuku. Manja a thukuta apakeni paudala wa ana. Woyerekeza muduleni ndi sizasi akadali pakati pa mapepala a kabuku, timapepala tingapo nthawi imodzi. Weniweni wosamatidwa amanyamulidwa ndi burashi yaphwatalala ya ubweya wofewa, imene mumayamba mwaisisita patsaya kuti itengeko mafuta pang'ono. Amene akuyamba kumene agule womatidwa pa kapepala, sadzataya wambiri.

M'maluwa osemedwa kapepala kamodzi sikangafike pansi pa dzenje osang'ambika. Ikani tiwiri tosanjikiza, tsindikani ndi nsonga ya burashi molunjika, osakokera m'mbali. Powerengera zogula, kabuku ka weniweni kamakuta malo osapitirira masentimita 40 kwa 40, ndipo ka woyerekeza wa masentimita 14 osapitirira 70 kwa 70. Zosanjikiza ndi zowonongeka zimadyako, ndiye pa ntchito yosema onjezani ndithu.

## Golide wamata pamene simunafune

Kawirikawiri ndi penti wozungulira amene sanaume mpaka mkati. Penti wamafuta amauma kukhudza tsiku limodzi koma amakokabe golide kwa masiku angapo, makamaka wakuda wopakidwa mochindikala. Dikirani, kenako wazani paudala pang'ono pamalo onse n'kusesa wotsala musanajambule ndi guluu. Guluu amadutsa paudalayo, golide samata kwina. Chachiwiri ndi guluu wolowa pansi pa tepi: tsindikani m'mphepete mwa tepi ndi chikhadabo, ndipo burashi ichoke pa tepi kupita mkati. Tizidutswa tosochera timachoka ndi thonje lonyowa pang'ono kapena rabala ya pensulo.

## Golide akusupuka, akufufutika kapena akunandabe patapita milungu

1. Malo ogwidwagwidwa alibe chotetezera chokwanira. Mikono ya mpando, zogwirira madilowa ndi mathireyi zimafuna vanishi wolimba kawiri kapena katatu pamwamba pa shelaki. Pamwamba pa tebulo ikani galasi. Mipando yobwereketsa pa maukwati, imene imasanjikizidwa pa lole mlungu uliwonse, siiyenera golide wa timapepala m'miyendo. Kumeneko penti wagolide ndiye wanzeru, timapepala tisungireni kumsana kwa mpando wa mkwatibwi.
2. Guluu wamadzi pamalo olakwika. Salimba gwa ngakhale patapita nthawi, ndipo salimbana ndi mvula. Panja ndi pa zinthu zogwiritsidwa ntchito tsiku lililonse pamafunika wamafuta.
3. Zapansi sizinagwire. Matani kachidutswa ka tepi pamalo obisika n'kukoka. Onani kumbuyo kwa tepiyo: ngati kwatuluka penti, vuto ndi penti, osati golide. Chitsulo chichotsedwe dzimbiri ndi kupakidwa red oxide kenako penti wamafuta. Malata ndi aluminiyamu amafuna etch primer (penti wapansi wogwira pa zitsulo zosalala), pulasitiki imafuna primer yakeyake, ndipo galasi litsukidwe ndi spiriti mpaka lilire kuchala.
4. Thabwa linali laliwisi. Matabwa ogula ku msika wa Buseko kapena kwina kulikonse akhoza kuoneka ouma kunja mkati muli madzi. Akamauma m'nyumba amafota, ming'alu n'kutsatira molumikizana. Mfundo za paini nazo zimatulutsa utomoni kukatentha, ndipo zimafuna shelaki katatu musanapake china chilichonse.

## Zoopsa zimene simuyenera kuziyesa

- Nsanza zonyowa ndi guluu wamafuta kapena mafuta a linseed zikaunjikidwa zimatha kuyaka zokha. Ziyanikeni panja chimodzichimodzi kapena ziviikeni m'chitini cha madzi.
- Magetsi akazima, musagwire ntchito ya spiriti, tapentaini kapena vanishi wopopera pafupi ndi kandulo kapena mbaula.
- Musaike golide woyerekeza, guluu kapena vanishi mkati mwa mbale, kapu kapena supuni, ndiponso pa zoseweretsa za makanda. Golide wa pa keke ndi wina, wolembedwa kuti ndi wodyedwa.
- Pokwecha MDF valani chotchinga mphuno ndi pakamwa.

## Pamene muyenera kuima n'kuitana katswiri

- Felemu kapena mpando wakale umene pansi pa golide pakuoneka dongo lofiira ndi choko choyera. Umenewu unapangidwa ndi guluu wa zikopa, amene amasungunuka ndi madzi. Kansalu konyowa kamodzi kangachotse ntchito ya zaka zambirimbiri. Musatsuke, musapake penti wagolide, musamate ndi supa guluu.
- Zikho za kutchalitchi, zoikapo makandulo, mawotchi ndi zitsulo zakale zagolide. Izi sizinamatidwe timapepala. Zina zinakutidwa ndi magetsi, ndipo zakale kwambiri zinakutidwa pogwiritsa ntchito mercury, chitsulo chamadzimadzi, amene nthunzi yake ndi poizoni. Musazitenthe kapena kuzikwecha, pitani nazo kwa wosula golide.
- Penti wakale wochindikala wa mipando ndi zitseko za nyumba zakale. Akhoza kukhala ndi mtovu. Kumukwecha wouma kumawaza fumbi loopsa kwambiri kwa ana ndi amayi oyembekezera.
- Timabowo tokhala ndi ufa watsopano wa thabwa, kapena njira za chiswe. Tizilombo tiphedwe kaye ndi odziwa ntchitoyo, thabwa lilimbitsidwe, golide pambuyo.
- Nyale zamagetsi zofunika kumasula mawaya, ndi zikwangwani zapamwamba zofuna makwerero aatali.
- Vuto limene labwerera kawiri mutatsata zonsezi pa katundu wa kasitomala. Musaonjezere wosanjikiza wachitatu, funsani wina aone ndi maso.

Pa zinthu zakale za banja kapena za mpingo, mungayambe ndi kufunsa osunga zakale ku Lusaka National Museum, pa Independence Avenue, kuti akulozereni koyenera. Podikira, chotsani felemuyo pakhoma, igonekeni chagada pamalo ouma, ijambuleni zithunzi mbali zonse, ndipo tizidutswa tomwe tagwa titoleni m'envulopu, mulembepo kona imene tachokera. Ponyamula musaikulunge ndi bulangeti laubweya, chifukwa limakola tizidutswa totukuka n'kutizula. Yalani pepala losalala pamwamba, ikani pa thabwa lathyathyathya, ndipo inyamulidwe ndi anthu awiri.